Kubiriwira kwa Kampani Yathu

Lolemba

Sitima yapanyanja yatibweretsera zitini za penti ndi envulopu yochokera ku likulu ku Limbe. M'envulopumo muli kakhadi kobiriwira, kukula kwake ngati chikhatho. Akuti kuyambira lero mpunga wa kampani yathu uzidziwika ndi mtundu umenewu, kuchokera ku Nsanje mpaka kuno ku Karonga. Usade pang'ono, usawale pang'ono. Womwewu basi.

Zofunika kubiriwira pofika Loweruka, tsiku lomwe abwana Gomani akubwera kudzatsegulira depoti yathu yatsopano:
khoma loyang'ana kumsewu,
timapepala tomata pa matumba a mpunga,
maovololo a anyamata onyamula matumba.

Pa lamya abwana alonjeza kuti zikayenda bwino andibweza ku Limbe. Mkazi wanga Esinati ali ndi pakati kumeneko, masiku ayandikira, ine ndili kuno kupsa ndi dzuwa. Ndikufuna kupita kwathu, ndikufunitsitsa. Ntchito yake ndi yongofananitsa mtundu. Imeneyonso n'kumati ntchito?

Lachiwiri

Kakhadi ndi kamodzi, amisiri ndi atatu. Ndakadula patatu ndi lumo. Mutu uwu umagwira ntchito!

Chidutswa choyamba ndapatsa a Kayira openta. Achiyandikitsa pa chitini, atsinzina diso limodzi. Ine ndikuona kuti pentiyo yada kwambiri. Iwo akuti, "Chimozimozi, adada." Athiramo yoyera pang'ono poti ndaumirira.

Chachiwiri ndapatsa Bulaza wa ku mishoni, mzungu wokalamba wosindikiza mabuku a nyimbo. Inki yobiriwira alibe. Ali ndi yachikasu ndi yabuluu, akuti asakaniza.

Chachitatu ndapatsa a Msukwa, telala wa pamsika. Maovololo anasoka kale oyera, kwatsala kuwanyika. Dayi akuti ali naye wabwino, wodutsira pa malire a Songwe. Sindinafunse kuti anadutsa bwanji.

Ndikuyang'ana sutikesi yanga. Ikufunika chingwe chatsopano.

Lachitatu

Khoma lauma. Lili lonyowa linali pafupi, louma lapita kwina, lafanana ndi masamba a chinangwa chodwala. Ndauza a Kayira atulutse chidutswa chawo tifananize. Achitulutsa monyadira. Chafanana ndi khoma ndendende! Ndayamba kusangalala, kenaka chala changa chamatirira. Anayesera penti pa chidutswa chomwecho, mbali zonse ziwiri.

"Mwaona? Chimozimozi."

Madzulo ku mishoni. Pa pepala loyera Bulaza wakhoza, ndimugwire chanza. Koma mapepala omwe likulu latumiza ndi akhaki, ndipo inki ikagwerapo ikusanduka ndowe za ng'ombe. Wasindikiza kale onse. Akuti anapempherera makinawo asanayambe.

Komabe maovololo alipo.

Lachinayi

Maovololo! A Msukwa anaponya chidutswa chawo mumphika wa dayi, akuti kuti mtundu utsatire mwini wake. Chasungunuka. Zomwe zatuluka mumphikamo:
maovololo awiri akuda bii,
ena otuwa, poti dayi anali atatopa,
amodzi obiriwira kumtunda, kumiyendo achikasu.

Anyamata avala, anyamula matumba pang'ono, thukuta latsika. Tsopano chobiriwira ndi makosi awo. Akuseka m'Chinkhonde, ndipo ndikudziwa kuti akuseka ine.

Ndathamangira ku mishoni kukatenga chidutswa chotsiriza. Bulaza wapita ku Lupembe ndi njinga yamoto, chidutswa chili m'Baibulo mwake, akusungira tsamba. Abwera sabata yamawa.

Choopsa n'chakuti ine ndemwe ndaiwala mtunduwo. Ndikutseka maso, ndikuona makosi a anyamata. Ndaimba lamya ku Limbe kuti mlembi andifotokozere. Akuti, "Ndi wobiriwira, achimwene." Lamya yaduka.

Chakudya sichikulowa.

Lachisanu

A Mwangonde, tcheyamani wa chipani m'dera lino, adutsa ndi achinyamata awo akuona makhadi a chipani. Yanga ili m'thumba nthawi zonse, ayiona, abweza. Koma sakuchoka. Aima kuyang'ana khoma, manja kumbuyo. Afunsa kuti ndi mtundu wanji. Ndayankha kuti ndi kubiriwira kwa kampani.

"Ndiye kuti kubiriwira kwa kampani kwaposa kwa pa mbendera?"

Ndakana ndi mutu, ndi manja, ndi pakamwa. Ndanena kuti kwa pa mbendera ndiye kubiriwira kwenikweni, enawa ndi masewera. A Kayira, amene sabata yonse zinthu zakhala zofanana kwa iwo, lero akugwedeza mutu kuti eya, n'zosiyana kwambiri.

Masana achinyamata abwera ndi penti yotsala pa nsanja ya msonkhano. Khoma lonse lapentedwanso. Poti penti yofiira ndi yakuda inatsalanso, awonjezera mizere iwiri pamwamba. Maovololo awakana, akuti anyamata mawa avale malaya a chipani.

Ndaombera m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Kuseri kwa matumba ndakhala pansi, misozi ili pafupi.

Loweruka

Abwana Gomani afika, fumbi mpaka m'nsidze. Atsika galimoto, aona khoma, aima. Dzanja lalowa m'thumba la jekete, kakhadi kawo kathunthu kasuzumira. Aona a tcheyamani, aona achinyamata, kakhadi kabwerera.

Zoyankhula za abwana: ayenda dziko lonse koma khoma lokongola chotere sanalionepo. Nthungululu! Amayi avina. Ine chiyembekezo chadzuka, ndikuwerenga kale madoko a sitima.

Kenaka a Mwangonde aimirira, andigwira paphewa pamaso pa anthu onse.

"Mnyamata uyu amamva. Ena akumwera amabwera ndi matama, uyu ayi. Bwana, musatichotsere ameneyu."

Abwana andiyang'ana, ayang'ana thumba la mpunga lomwe lili ndi kapepala ka ndowe, amwetulira mano onse.

"Akhala, a tcheyamani. Akhala mpaka mudzatope naye."

Nthungululu zina. Inenso ndaomba m'manja, ndikanatani? Pokwera galimoto abwana sananditsanzike.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni wa manja awiri. Ndatchuka. Aphunzitsi aakulu akufuna ndikawalangize za khoma la sukulu.

Ndalembera Esinati. Ndamuuza kuti mwana adzabadwa ine kulibe, andikhululukire, ndipo akadzalimba akwere sitima abwere. Za penti sindinalembe, sangamvetse. Mtima ukuwawa.

Masana kwabwera mthenga wa a tcheyamani ndi mkoko wa nthochi. Akuti munthu wawo sangakhale wopanda munda, andipatsa ndime ya mpunga kudambo. Ndapita kukaiona. Tsoka lake ndi yabwino, dothi lakuda, madzi pafupi.

Mawa ndikagule khasu.