Boganiviliya wa Layisoni ndi Banja la Telala

Mwambi uwu ndinayamba kuumva ku Luchenza, ndili mnyamata wosakhazikika, masiku amene tinkagona pakhonde la sitolo podikira sitima. Anandiuza ndi mlonda wina wopanda mano. Lero ndikadutsako sindizindikira ngakhale mtengo umodzi. Tamverani, inu ana a mlongo wanga, amene mumatumana ngakhale kokamva zotsatira za mayeso. Akuti chiyambi chake chinali chotere.

Kunali telala wina, Dafuleni, wa pakamwa pakuthwa kuposa sizasi yake. Tsiku lina ananyoza mkazi wake Edesi pamaso pa makasitomala, kuti thupi lake likumuthera nsalu. Edesi anamanga katundu, ulendo kwa amalume ake, a Mulepa, kutsidya kwa mtsinje wa Thuchila. Posakhalitsa a Mulepa anatumiza mawu: mkamwini abwere tidzakambirane.

Dafuleni mkazi wake ankamufuna ndithu. Koma kukakhala pamphasa, mutu pansi, apongozi akumuwerengera zolakwa, kunamulemera. Anaitana msuweni wake Layisoni.

"Msuweni, ukuona wekha mayunifolomu awa. Kandimverere zimene akufuna anthu aja."

Tsono Layisoni anali ndi matenda ake: boganiviliya amene anadzala pakhomo. M'mawa madzi, madzulo madzi, manyowa a nkhuku ndowa ndi ndowa. Anamumangira ndi kachisakasa kuti dzuwa lisamuwotche. Mtengo unangonenepa, masamba bii, duwa ngakhale limodzi ayi. Mkazi wake ankati, "Mukanadzala chinangwa bwenzi tikudya chigwada."

Atafika kwa a Mulepa, Layisoni anaima pachipata kukamwa yasa. M'fumbi la chilimwe, mpanda wonse unali psuu, boganiviliya wochita kubisa masamba. Anamuyalira mphasa moyang'anana ndi mpandawo. Apa ndi pamene panafera banja.

"Mwiniwake sanabwere, chabwino," anatero a Mulepa. "Mukamuuze kuti afike yekha mwezi uno usanathe, adzapepese ndi pakamwa pomwepo pamene ananyozera. Akatero mkazi wake atenga. Akapanda kutero, Edesi akupita kwa mlongo wake ku Kasungu, ukwati wathera pomwepo. Mwamva, bambo?"

"Inde, inde," anatero Layisoni akuwomba m'manja, maso ali kumpanda. "Pepani akuluakulu, kodi mumathira chiyani?"

"Chiyaninso?"

"Mtengo uwo."

Mayi Mulepa anaseka. "Uwo? Sitithira kanthu, bambo. Ukaupusitsa ndi madzi umangochita masamba. Umafuna dzuwa, ludzu, ndi kuudula nsonga ukatha kuchita maluwa. Mwina kaphulusa pang'ono."

Izi Layisoni anazimva bwino lomwe, liwu ndi liwu. Njira yonse ankazibwereza kuti zisagwe.

Layisoni atabwerako, Dafuleni anamuchingamira ndi tepi yoyezera nsalu m'khosi. "Zayenda bwanji?"

"Msuweni, ndakhala ndikulakwa zaka zonsezi! Madzi! Kumene kuja sathirira n'komwe!"

"Ndikufunsa za Edesi."

"Alamu ali bwino. Nthambi izi andidulira ndi iwowo."

"Amalume ake anati chiyani?"

Layisoni anakanda m'mutu. M'makutu mwake munangotsala dzuwa ndi phulusa. Koma munthu wamkulu, wa ndevu zake, anene kuti sanamve?

"Anayankhula zambiri, zachikulu. Koma anandiperekeza akuseka. Iwe, anthu okwiya amapatsa mlendo mbewu? Ingodekha, abwera okha."

Mawu amenewa anamukomera Dafuleni, chifukwa sankamutuma kulikonse. Anasokera Edesi diresi ya chitenje chodula, n'kuipachika pamsomali, n'kumadikira. Layisoni naye anagwetsa chisakasa, anabisa ndowa, anadula nsonga, n'kumadikira.

Kutsidya nakonso ankadikira. Edesi ankasesa pabwalo m'mamawa, maso kunjira. Mwezi unatha. A Mulepa anati, "Tamuona mkamwini. Ngakhale kuyankha watikaniza."

Nkhani inafika ndi wogulitsa usipa wa panjinga. "A telala, akazi anu ndawaona pa lole ya ku Kasungu. Akuti anakupatsani mwezi wathunthu, inu osaoneka."

Dafuleni anatenga chikwanje, ulendo kwa msuweni wake. Anamupeza atagwada pakhomo ngati ali m'tchalitchi. Boganiviliya anali atatulutsa timaluwa toyamba.

"Mwezi wathunthu, Layisoni! Anakuuza kapena sanakuuze?"

"Kaya, mwina anatero. Pepa za alamu. Koma msuweni, taona!"

Chikwanje chinatera pamtengo. Dafuleni anasadza mpaka kutsala chitsa. Koma inu, boganiviliya safa ndi chikwanje. Chilimwe chotsatira anaphuka mwaukali, maluwa mpaka padenga, odutsa n'kumaima kufunsa mbewu. Dafuleni ankadutsa pomwepo tsiku ndi tsiku popita kukagula ndiwo zophika yekha. Anakalamba choncho. Aliyense womufunsa za banja ankamuyankha mawu amodzi, ndipo ndi amene tikunena mpaka lero: Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tandipatsira chipewa changacho, iwe. Ayi, musandiyalire, kukadali kachisisira. Pamsewu pali lole ya makala yopita ku Balaka, ndipo dalaivala wake sadikira munthu.