Intavyu Yomwe Ndinalowa Ndili Nthunzi

Anzanga, usiku wathawu ndinalota ndili pamzere wa intavyu ya uphunzitsi wa sayansi, ntchito yomwe ndakhala ndikuisaka chimalizireni sukulu. Malo anali amodzi, chitseko chotseka, ndipo mlonda ananeneratu kuti dzuwa likafika paliwombo salowetsanso munthu.

Ndiye tinathithikana pakhonde, phewa ndi phewa, aliyense akungonjenjemera pamalo pake osasuntha. Benchi yomwe ndinatsamira inandiuza kuti ndisadabwe: zinthu zonse n'zopangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono, ndipo tinthuto tikapanikizana chonchi timapanga chinthu cholimba. Inati ifeyo sitinalinso anthu, tinali njerwa. Ndinaiyankha kuti zimenezo ndinazikhoza kuyunivesite.

"Inenso ndinazikhoza, achimwene," inatero benchi. "Onani pomwe ndili."

Mwadzidzidzi panadutsa mkulu wina wonunkhira perefyumu. Sanagogode. Anangomwazikana n'kulowera pakabowo ka kiyi, ife n'kutsala ndi fungo. Mlonda uja, amene tsopano anali kamba wovala chipewa, anatinong'oneza kuti ameneyo ndi mphwawo wa bwana, ndipo tinthu ta m'banja limenelo timayenda momasuka chifukwa tinakulira pafupi ndi moto.

Ndiye nanenso ndinafuna moto. Pakona panali ketulo ya tiyi wa mabwana, ndinaipempha indigawireko kutentha. Inadandaula kuti anthu amaikumbukira pokhapokha akafuna kukwera pamwamba, komabe inalola kuti ndiikumbatire. Mawondo anayamba kusungunuka, kenako lamba, kenako mfundo zanga zonse, ndipo ndinayenderera pasimenti kulunjika kunsi kwa chitseko. Mopu inandiona n'kuyamba kundithamangitsa, ikukalipa kuti pano si potayira anthu ophunzira. Pothawa ndinadzithira m'ketulo momwemo, n'kuwira, n'kutulukira kukamwa kwake ndili nthunzi. Mutu kudenga, mapazi pazenera, koma m'chipindamo ndinalowa.

Munali mozizira ngati kumochale. Pampando waukulu panali a Chikwenga, bwana uja, amene ndikuwayang'ana chonchi anasanduka mvuu yomanga tayi. Mlembi wawo, Mayi Nthondo, anali atasanduka kale ng'azi, lilime likunyambita masamusa. Mayiwo anandifunsa kuti ndili pati kwenikweni, poti moni wanga ankamveka m'makona onse. Ndisanayankhe kuzizira kunandigwira, tinthu tanga tinayamba kukumbatirana, ndipo ndinangozindikira ndili madontho pabotolo la madzi la mvuu ija.

Ndinayamba kufotokoza mmene ndingaphunzitsire ana. Ng'azi inandidula, inati funso ndi limodzi lokha: kodi maonekedwe anga ndi otani? Ndinayankha kuti pakadali pano zikutengera chomwe mwandithiramo. Chipinda chonse chinaomba m'manja, ndi makatani omwe.

"Uyu ndiye munthu," inatero mvuu. "Olimba ali panjawo amabwera ndi maganizo awoawo. Mphwanga ndi mpweya, sagwirika, n'chifukwa chake tamupatsa ofesi ya pamwamba. Koma kunsi kuno timafuna wamadzi. Ukamuthira m'kapu ndi kapu, ukamuthira m'chithaphwi ndi chithaphwi."

Ndinafunsa ngati ndiye kuti ndalembedwa ntchito. Mvuu inati eya, n'kundikokolola ndi chala kundigwetsera m'tambula. Ndinafunsanso kuti nanga kalasi ili kuti, ana ali kuti. Ikukweza tambulayo, inati ndisade nkhawa, aliyense pano anayambira m'mimba mwa wina, za potulukira ndidzauzidwa nthawi yake. Ndinaona mano, ndinaona mdima, ndiye m'katimo ndinapezamo anzathu amene analembedwa chaka chatha, atasakanikirana osadziwika uyu ndani uyu ndani, akundifunsa ngati kunja kukadali mzere.

Ndinali pafupi kuwayankha pamene ndinadzidzimuka. Panja, mpopi wa alandilodi unali kutsokomola mpweya wokhawokha m'chidebe chopanda kanthu.