Tsiku Limene Ndinasambitsa Mbira ya Apongozi

Anzanga, munthu ukakhala mkamwini watsopano umachita zinthu zoti ukamazikumbukira utakula umangogwira pakamwa. Zanga zinachitika ndale za matipate zitangofika kumene, ine n'kuti nditangolowa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Esinati, mudzi wina kunsi kwa phiri la Michesi. Masiku amenewo ulemu unali ulemu ndithu. Ine ndi apongozi anga aakazi sitinkaonana maso ndi maso, tikakumana panjira iwo ankapatukira m'chinangwa, ine n'kuyang'ana kumwamba ngati ndikufuna mvula, ndipo mawu aliwonse pakati pathu ankadzera mwa Esinati. Mkamwini wophonya mwambo umenewu sankachedwa pamudzi, ankabwerera kwawo ndi kachikwama kake.

Apongozi ankaweta mbira kukhitchini, ndipo pa zonsezo panali imodzi yoyera, yonenepa, imene ankaikonda ngati mwana wawo. Dzina lake Dona. Koma mantha ake! Munthu kungoyetsemula, Dona walowa kale kuseri kwa mtsuko. Vuto lake linali mphere. Ubweya unkathothoka pamsana, iye n'kumangodzikanda, apongozi apake phulusa, apake mafuta a nsatsi, zipole pang'ono, mwezi usanathe zabweranso.

Ndiye mtima wofuna kutamidwa unandigwira. Ndinati apa ndi poonetsera kuti pakhomo pano panalowa munthu wozindikira, woti anagwirapo ntchito ku esiteti ya tiyi ku Mulanje n'kuona agalu a mabwana akusambitsidwa. Nanga galu ndi mbira zikusiyana pati, zonse si za miyendo inayi? Ndinapalasa njinga mpaka pa Chiringa kukagula sopo wamankhwala, wofiira uja wonunkha chipatala, osauza munthu.

M'mawa mwake Esinati anapita kudimba, apongozi anatenga chikwanje ulendo wa kuphiri kukatola nkhuni. Ine mwayi ndi umenewu. Ndinafunditsa madzi, kuvula malaya, kutsala ndi kabudula yekha, ndipo Dona ndinamugwira nditagubuduza miphika ya eni ake khitchini yonse. Ndikutuluka naye, anangotulukira alamu anga a Layisoni, achimwene ake a Esinati.

"Alamu! Madzi otentha apo, mbira m'manja. Mwayamba kudya ziweto za mayi kunja kukuwala chonchi?"

"Ayi alamu, ndikufuna ndiisambitse."

"Kusambitsa mbira? Chibadwire changa!" Anakoka kampando n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. "Pano ndiye sindichoka, izi ndizione ndi maso anga."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, koma ine, pokhala ndi woonerera, ndinachita kufufuma. Ndinamuviika Dona m'beseni, iye kwii! kwii! kwii! mtima ukugunda m'manja mwangamu ngati kang'oma, ine n'kumamunyengerera, "Pepa mayi, pepa, tikutha pompano." Ndinamupaka sopo mpaka anasanduka mpira wa thovu. Kodi munayamba mwagwirapo mbira yopakidwa sopo? Palibe pogwira! Tambala atangolira chapafupi, Dona anangoti pululu m'manja mwanga, phwa pansi, liwiro kudutsa pabwalo, thovu likuwuluka, nkhuku zikubalalika, galu wa a Layisoni naye wadzuka kuti aone ndiwo zikuthamanga zokha.

Mbira ya apongozi idyedwe ndi galu chifukwa cha ine? Ndinathamanga ngati wamisala, ndinadumpha lichero la makaka a chinangwa, ndinaponda beseni madzi onse m'kabudula, ndipo ndinaona kamchira kopanda mchira kaja kakulowa pansi pa mpanda wa bafa la udzu kuseri kwa nyumba. Zozungulira kukhomo sindinaziganize. Ndinadzigwetsa chafufumimba n'kulowetsa mutu pakati pa nsungwi ziwiri zomangira mpandawo, mutu n'kulowa bwinobwino.

Abale inu, m'bafamo munali apongozi.

Kani kuphiri kuja anakumana ndi chitedze, n'kubwerera msanga kudzera njira ya kuseri kuti adzasambe. Mulungu anandichitira chifundo pa chinthu chimodzi chokha, anali atamanga chitenje pachifuwa. Anali atakhala pamwala akutsuka miyendo, Dona ali njenjenje pakati pa mapazi awo, ndiye panali oyabwidwa awiri ndi chitsiru chimodzi. Nkhope imene ndinakhala ndikuithawa miyezi yonse ija ndinaiona pafupi zedi, mpaka kachipsera ka pachibwano. Ndinatsinzina. Ndinakoka mutu kuti ndithawe, koma nsungwi zija zinandigwira kuseri kwa makutu, osatheka.

Kenaka ndinamva apongozi akutembenukira kumbali, n'kuyankhula modekha ngati ali m'tchalitchi.

"Iwe Dona, tawauza akamwini kuti khomo la bafa lili mbali inayo."

Nanga ndikanatani? Esinati kulibe, wodzeramo mawu anali Dona yekhayo.

"Dona," ndinatero maso ali chitsinzinire, "uwauze mayi kuti ndapepesa kwambiri, koma mutu wakana kutuluka."

"Dona, uwafunse kuti unalowa bwanji."

Kunja a Layisoni anali atagwa pansi ndi phwete. Atapezako mpweya anati, "Limbani mtima alamu, ndikukokani!" Anagwira kabudula m'malo mwa miyendo, n'kukoka ndi mphamvu zonse za mlimi wa chinangwa. Lasitiki wake anali wotopa kale. Kabudula anapita ndi a Layisoni, ine n'kutsala pomwepo, mutu kwa apongozi, kwinaku kukuwombedwa mphepo ya ku Michesi. Nthawi yomweyo ndinamva dengu likugwa pansi ndi mawu a Esinati, "Mayo ine! Bambo, mukutani kubafa kwa amayi?"

Amene anandipulumutsa ndi apongozi omwewo. Ndinawamva akuti, "Dona, uwauze asatsegule maso." Anakokolola thovu pamsana pa mbira ija, kundipaka m'makutu monse ndi m'khosi, kenaka n'kundikankha pachipumi ndi chikhatho. Mutu unangoti phu! Ndinathawira m'nyumba nditadziphimba ndi lichero.

Tsiku lonse sindinatuluke, chakudya osachikhudza, ndikungodikira kuuzidwa kuti ndibwerere kwathu. Ndinkamukonda Esinati, ndipo kuganiza zomusiya chifukwa cha mbira kunandiliza misozi yeniyeni. Dzuwa litapendeka ndinamva "odi" pakhomo. Kusuzumira, apongozi, ataima chilili, osapatuka, osatembenuka, akundiyang'ana m'maso, milomo ikunjenjemera ndi kuseka kobisa.

"Akamwini, tulukani mudzadye. Munthu woti ndamusambitsa m'makutu ndi manja angawa, ndizimuthawiranso m'chinangwa?"

Kuthawana kunathera pomwepo. Zaka zonse zotsatira tinkakhala pakhonde limodzi tikusenda nandolo, iwo akundisimbira za makolo awo amene anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo mlendo aliyense wobwera pakhomo ankayamba wamva nkhani ya mutu wanga asanapatsidwe madzi akumwa. Anatisiya kalekale mayi aja, ndipo ndimawasowa kwambiri. Nthawi zina ndikamva fungo la sopo wofiira uja ndimaseka ndekha, kenaka m'maso mumadzaza misozi.

Mphere za Dona? Zinabweranso mwezi womwewo, ngati sindinavutikepo. Ine ndinalumbira ndipo mpaka lero sindinasinthe: chiweto chikayabwidwa chizidzikanda chokha, ndipo pamene mutu wanga ukufuna kulowa, ndimayamba ndafunsa makutu ngati adzatulukepo.