Buku Lomwe Andiletsa Kutsegula

Lolemba
Buku ili ndi moto! Ndalitola pa kaunjika ku Balaka, chikuto chothothoka, koma zam'katimo eee! Likukamba za mpira wa mayiko awiri: kwina amasewera ngati akuvina, kwina ngati asilikali, aliyense pamalo pake. Ndikuwasirira onse, koma ndasankha asilikali. Loweruka kukubwera timu ya ku Ngokwe, ndipo akomiti anena mosapsatira: tikagonja, ukochi wanga wathera pompo.
Malamulo atsopano:
- kufika 3 koloko, osati "dzuwa likapepa"
- osaunjikana pa mpira ngati nkhuku pa madeya

Lachiwiri
3 koloko. Pa galaundi ndili ine ndi mbuzi ziwiri. Anyamata akufika cha m'ma 5. Twaibu, wogoletsa wathu, ndi wa kabaza: "Akochi, kasitomala anali wa ku Chingeni, ndikanamutsitsa panjira?" Buku likuti wochedwa akhale pa benchi. Ndikatero ndiseweretsa mbuzi.

Lachitatu
Ndalemba mizere ndi phulusa, aliyense chigawo chake. Zokongola zedi! Mpira ukudutsa pafupi ndi Fabiano wakumbuyo, iye wangoima, manja m'chiuno. "Unali m'munda mwa Yusufu, akochi. Ine za malire sindifuna milandu."

Lachinayi
Kwagwa maliro, zoyeserera palibe. Timu yonse ili kumanda, Asilamu ndi Akhristu, kukumba. Khasu likuchoka m'manja kupita m'manja popanda woitana mnzake, wotopa akutuluka wina walowa kale. Kupatsirana kotere m'bukumu sindinakuonemo. Mtima wanga wasefukira, sindinama.

Lachisanu
Theka la timu lili ku mzikiti, mapemphero a Juma. Ndapita kwa amayi ochemerera kukawapempha kuti mawa achepetse nyimbo, osewera azimva malangizo anga. Mayi Asiyatu, mtsogoleri wawo, andiyang'ana kuyambira kumapazi: "Iyayi bambo. Ndi mpira kapena mayeso a fomu folo?" Awonjezera ng'oma yachitatu.

Loweruka
Tisanayambe ndikuzungulira galaundi, buku m'manja, kuwerenga mokweza Chingerezi kuti ndisaiwale. A ku Ngokwe akundiyang'ana, akunong'onezana. Goloboyi wawo wakana kuima pomwe ndaponda!
Chigawo choyamba: asilikali anga ali njo m'minda mwawo. Atichinya chimodzi.
Popuma, Che Amidu, goloboyi wathu wa imvi, avula kapusi mwaulemu: "Akochi, zanuzi tachita. Tiloleni tsopano tisewereko mpira."
Ndangogwedeza mutu.
Mayo ine! Twaibu wavula nsapato, wadutsa anthu atatu, wagoletsa. Fabiano, yemwe uja wa malire, wagoletsa ndi mutu ku golo ya a ku Ngokwe, m'munda mwa eni ake! Amayi alowa m'galaundi ndi ng'oma, wina mwana kumsana. Tapambana zitatu kwa chimodzi. Ana awa ndi akatswiri, ndipo ine ndalira pagulu.

Lamulungu
Akomiti abwera tikuchoka ku tchalitchi. Ukochi ndi wangabe. Akuti Ngokwe yonse ikukamba za mankhwala a m'buku lalikulu, ndipo matimu ena ayamba kale kuchita mantha. Ndayesa kufotokoza za mayiko awiri aja, palibe womva.
A tcheyamani andigwira paphewa: "Bukulo muzibwera nalo masewero onse, muzizungulira nalo galaundi. Koma chonde akochi, pamaso pa anyamata musadzalitsegulenso."
Chabwino. Ndalikutira ndi pulasitiki, mvula ili pafupi.