Mawondo anga sakuoneka pa TV

Lolemba

Akufuna kundibweza kumudzi. Ndiyambe ndalemba zimenezi.

Azakhali awo a bambo a Tadala, aja a ku Wolverhampton, anesi aakulu aja, aimba foni m'mawa uno. Moni apereka kwa mwana yekha. Akuti amva zoti mwezi watha, titapita ku Ntcheu kukaonetsa Tadala kwa agogo ake, ine ndinasambitsa apongozi m'manja nditaimirira. Nditaimirira! Ine! Akuti, "Chaka chimodzi chokha ku Ulaya, mawondo auma kale?" Akuti zikakhala zoona auza ankhoswe, ndipite kwathu miyezi itatu ndikalangizidwenso. Zoti Tadala apita nane kapena atsala, sananene.

Ndinagwada. Mulungu akudziwa. Pabwalo paja panali timiyala, ndinamva kuwawa mpaka mawa lake.

Mwayi wake, alamu anga anajambula zonse, ndipo vidiyoyo ili mu laputopu ya bambo a Tadala. Ndaonera. Ikafika mphindi 14 ndikuoneka bwinobwino, beseni ndi jagi m'manja, mawondo onse awiri pansi. Ndawaimbira Azakhali. Akuti abwera Lamulungu akaweruka kutchalitchi, ndi amayi atatu oti akhale mboni. Koma za pakalaputopu ayi. "Maso anga ndi akale. Uike pa TV aliyense adzionere."

Chabwino. Ndiika pa TV. Kulekera Sitandade 7 si matenda.

Lachiwiri

Bambo a Tadala andionetsa akuthamangira ku shifiti, nsapato imodzi kuphazi ina kumanja. Dina apa, sankha dzina la TV, dikira. Chingwe palibe, zimangodutsa mumphepo pa wayifayi. Ndalemba pachikuto cha bukuli kuti ndisaiwale.

Zatheka! Nkhope ya apongozi yadzaza TV yonse! Ndavina pabalaza ndi Tadala kumsana.

Kenako mphindi 14.

Ndikutuluka m'nyumba ndi beseni. Ndikuyenda. Ndafika pamaso pa apongozi. Chithunzi chaima. Mawu akupita, nthungululu, nkhuku, mwana kulira, koma ine ndangoti chilili ngati mtengo wa magetsi. Kenako chadumpha, ndili kale pakhomo ndikubwerera.

Pa laputopu ndikugwada. Pa TV sindikugwada. Chipinda chomwechi, nthawi yomweyo!

Ndabwereza kasanu. Kasanu konse TV ikuikira kumbuyo Azakhali.

Sindilira. Masiku alipo anayi ndi theka.

Lachitatu

Ndafunsa pagulu la amayi a kutchalitchi la pafoni. Chifukwa chake sindinanene, pagulu paja nkhani imafika ku Lilongwe usanamalize kulemba. Ndangoti vidiyo ikudukaduka pa TV.

Mayankho:
Zimitsa zonse, uwerenge mpaka teni, uyatsenso.
Sendeza laputopu pafupi ndi rauta, kabokosi kothwanima kaja.
"Ni netiweki chabe, mami." Awa ndi a ku Zambia aja.
"Mwaipempherera?"
"Vidiyo yanji?" Awa sindinawayankhe.

Ndazimitsa, ndawerenga mpaka twente kuti zikwane. Ndapempheranso, palibe choletsa.

Rauta ndaipeza m'kakhonde kolowera, kuseri kwa chitseko, pansi pa majekete a nyengo yozizira, ngolo ya Tadala itaiphimba. N'kutheka bwanji kupuma pamenepo? Ndaikoka mpaka pomwe chingwe chake chathera, pakhomo la pabalaza. Ndaika mpando, pampandopo ndowa yozondotsa, pandowapo rauta. Yakhala ngati mlendo wolemekezeka.

Zasintha! Tsopano mawondo akuyamba kupindika, kenako chithunzi chikuima. Ndikuoneka ngati munthu wofuna kukhala pampando woti palibe. Kenako kudumpha, pakhomo.

Theka lapezeka. Latsala theka.

Tadala wagwetsa ndowa kawiri.

Lachinayi

Bambo a Tadala atumiza uthenga nthawi yopuma: wayifayi ili ngati msewu wa ku msika wa Tsoka pa Loweruka, aliyense akufuna kudutsa. Chotsa zonse, isale laputopu ndi TV.

Ndachotsa:
foni yanga
foni yakale imene Tadala amaluma
kawailesi komvetsera mwana akagona
masamba onse otsegula mu laputopu, a mpira okhaokha

Akutinso laputopu ikhale pa tchaja, ikakhala pa batire imachita ulesi. Ndaika.

Ndipo ndatulukira chinthu ndekha, popanda wondiuza! Ndikutenthetsa phala la Tadala mu mayikulowevu, vidiyo ili mkati, chithunzi chaimiratu. Mayikulowevu yalira kuti ting'i, chithunzi chayenda. Ndayesanso ndi kapu ya madzi. Chimodzimodzi! Mdani ndimadya naye m'nyumba momwemuno. Ndaizula kukhoma. Phala libwerere m'poto.

Koma pa 14 ndikadali pampando wosaoneka uja.

Ndayang'ana mayina a mawayifayi mu laputopu, adzaza tsamba lonse. Kuno ku Small Heath nyumba n'zomatana, khoma langa ndi khoma la mnzanga, ndiye mphepo tikulimbirana yomweyo. Ndavala jekete, ndagogoda kwa neba, mayi wachisilamu wa ana asanu uja. Chizungu changa ndi manja zathandizana: Lamulungu, 2 koloko mpaka 3, azimitseko wayifayi yawo. Wamva bwinobwino. Waseka mpaka kugwira chitseko. Akuti Lamulungu kuli mpira, ana ake amudya wamoyo. Wandipatsa samusa zinayi.

Samusa n'zokoma. Khomo lachiwiri sindinagogode.

Lachisanu

Bambo a Tadala akuti rauta yathu ili ndi njira ziwiri, ina dzina lake limathera ndi 5, ndiyo yothamanga. Laputopu yaiona. TV siikuiona. TV imeneyi tinapatsidwa ndi banja lina likusamuka, ndi yakale kuposa ukwati wathu.

Ndawafunsa chifukwa chake imadumpha pamenepo pokha, osati pamene amalume akulankhula mphindi teni osapuma. Akuti amalume sasuntha, ndiye chithunzi n'chopepuka. Koma pamene ndikugwada ndi pamene amayi onse anadzuka kuvina ndi kululutira, fumbi, zitenje, alamunso dzanja likugwedezeka, ndiye katundu amachuluka, mphepo imalephera kunyamula. Ndiye kuti anthu anasangalala kuti ndagwada, chisangalalo chawocho n'chimene chikufufuta kugwadako.

Ndayesa kuika vidiyo mu fulashi n'kubaya kuseri kwa TV. TV yalemba kuti siikuidziwa.

Njira yomaliza: kuchepetsa manambala a chithunzi kuti katundu apepuke. Andiuza podina. Ndatsitsa kamodzi. Ndatsitsanso. Ndatsitsa mpaka pansi penipeni.

YAYENDA! Osaima! Beseni, jagi, mawondo pansi, madzi kuthira, kudzuka! Ndakuwa mpaka Tadala walira.

Ndaoneranso mtima utakhala pansi.

Munthu akugwada, inde. Koma ndani? Nkhope yangokhala ngati chigumu chonyowa. Ndipo tsiku lija amayi tonse a pabanjapo tinavala chitenje chimodzi, chobiriwira chija apongozi anasankha okha, ndi duku lomwe. Nachisale, mkazi wa alamu, msinkhu ndi womwewu. Azakhali ndikuwadziwa. Adzati, "Ameneyo ndi Nachisale, mwana woleredwa bwino."

Ndikakweza manambala, nkhope ndi yanga koma sindigwada. Ndikatsitsa, ndikugwada koma si ine.

Mawa ndikagula chingwe. Za mumphepo zandikwana.

Loweruka

Mvula. Basi yoyamba yakana, muli kale ngolo ziwiri za ana. Yachiwiri yatitenga.

Chingwe ndapeza, chakuda, chonenepa, chooneka chanzeru. Ndabwera nacho ngati ndanyamula satifiketi. Kuseri kwa TV chalowa bwinobwino.

Ku laputopu kulibe bowo lake.

Ndatembenuza mbali zonse zinayi. Ndayang'ana ndi pansi pomwe. Timabowo tiwiri tating'ono ngati mphuno za Tadala, basi.

Basi ina, mvula yomweyo. Bambo wa m'sitolo wayang'ana laputopu, wapukusa mutu. "You need adapter, sister." Kachidutswa kolumikizira chingwe chachikulu ku bowo laling'ono. M'sitolomo katha. Kabwera Lachiwiri. Lachiwiri ine ndidzakhala ndikulongedza chikwama!

Ndaimbira bambo a Tadala ndili pa siteji ya basi, madzi akulowa m'khosi. Akuti mnzawo wa ku wodi, kuchipatala kumene amagwira ntchito, ali nako, abwereka, ndisadandaule.

Abwereka ndithu. Afika kunyumba, ndatambasula dzanja ndisanawapatse moni. Apisa m'thumba ili, m'thumba ilo. Akasiya mu yunifomu, yunifomu ili m'kabati kuchipatala.

Akuti mawa akugwira mpaka 2 koloko, abwera nako molunjika. Ndawafunsa kuti zatheka bwanji kukhala pa shifiti tsiku lomwe azakhali awo akubwera. Akuti ndi mmene ndandanda ya mashifiti yagwera. Sakundiyang'ana kumaso. Iwo analipo tsiku lija, anaona ndi maso awo, koma Azakhali anawauza kale kuti mwamuna sachitira umboni mkazi wake, amaona zimene wauzidwa.

Ndakolopa, ndakazinga mandasi, rauta ndaipukuta ndi kansalu. Ndayesa komaliza nyumba ili zii, mafoni ozima, manambala apakatikati. Bondo limodzi lagunda pansi chithunzi chisanadumphe, nkhope ikuzindikirika. Bondo limodzi! Mwina likwanira.

Lamulungu

Ndikulembera kukhitchini, buku lili pamwamba pa firiji.

Anati 2 koloko, afika 1. Anati amayi atatu, abwera asanu. Asanakhale n'komwe, "Mwanawe, pasiwedi ya wayifayi." Ungawakanize bwanji akuluakulu? Mafoni sikisi alowa. Wina akuimbira mwana wake wa ku Canada pa vidiyo kuti naye aonere.

Azakhali aona ndowa pampando. Angoyang'ana anzawo.

Ndayatsa. Amalume alankhula mphindi teni zawo zonse osaduka. Tafika 13. Mayi wina wadzuka, akuti tiyi wake wazizira, wapeza yekha pulagi ya mayikulowevu.

Ndaima pa TV nthawi yaitali kuposa masiku onse. Chilili, beseni m'manja, apongozi akundiyang'ana m'mwamba. Kenako pakhomo.

Azakhali: "Taonatu."

Ndabwereza. Ndabwerezanso. Ndatsitsa manambala. Mayi wina: "Ameneyo si Nachisale?"

Ndatenga laputopu, ndayenda ndi mawondo pa kapeti mpaka pamapazi pawo, ndaikweza m'mwamba kuti aone okha. Akuti magalasi asiya ku Wolverhampton. Mayi wa tiyi uja wasuzumira, akuti zikuonekadi ngati ndagwada. Azakhali: "Pakakang'onoko aliyense amagwada."

Chifikireni iwo ndagwada ndi madzi osamba m'manja, ndi tiyi, ndi shuga, ndi mandasi, ndi laputopu. Mawondo afiira. Palibe akuona zimenezo. Onse maso ali pa TV.

Basi, ndasiya kudina. Za mumphepo zandigonjetsa. Chingwe chili lende kuseri kwa TV, chikudikira kachidutswa kake.

Azakhali akuti tiyi akatha aimbira ankhoswe, foni ili kale pamiyendo. Tadala amunyamula iwo, akumuyeza ndi maso. Ndatereka ketulo yachitatu, mandasi atsala anayi, ndawadula pakati.

Nthawi ndi 2:40. Bambo a Tadala, foni simukuyankha. Musadikire basi, kwerani takisi. Yambani mwapisa m'thumba. Bwerani msanga, chonde, tiyi akutha.