Vinyo Wanga Atabalalitsa Msika wa pa Chiponde

Mukadzafika pa Chiponde n'kumva akuluakulu akutchula munthu wina amene ankamuti Che Bomba, chonde musadzanene kuti mumandidziwa. Dzinali sindinalipeze kunkhondo. Ndinalipeza m'chipinda cha lendi, chifukwa cha chidede, shuga ndi kudzimva kuchenjera.

Zinali zaka zija abale athu a ku Mozambiki anadzaza m'malire muno pothawa nkhondo. Ine ndinali nditangochoka pa hotela ina ya kunyanja komwe ndinkaperekera zakudya, n'kupeza ntchito yoyang'anira kanyumba kogona alendo pa Chiponde. Kunyanjako mzungu wina anandiuzapo kuti kwawo kuli dera la m'malire lomwe anthu amapitako kukangoona mapiri ndi kulawa vinyo basi. Mawuwo anandikhala m'mutu. Malire tili nawo. Mapiri ndi awa a ku Namwera. Nyanja ili kumunsiko ndi chambo chake. Chikusowa n'chiyani kuti alendo azikwera mtunda kubwera kuno? Vinyo. Nanga womubweretsa ndani? (Apa ndinkadziloza pachifuwa, ngakhale m'chipindamo ndinali ndekha.)

Mphesa kunalibe, koma kunali a Domingo, bambo wothawa nkhondo amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Kwawo anagwirapo ntchito kwa Mpwitikizi wina, ndipo ankati vinyo amapangika ndi chilichonse chowawasa. Anandilangiza kuti ndiwiritse chidede, ndithire shuga ndi yisiti m'chigubu, kenaka ndiboole chivindikiro n'kulowetsa kachubu kopita m'botolo la madzi.

"Tamvera, amigo," anatero akundiloza ndi sipanala. "Vinyo ndi munthu, amapuma. Akamalankhula m'madzimo, musiye alankhule. Usadzamutseke pakamwa asanamalize."

Ndinavomera ndi mutu ngati mwana womvera.

Vuto linali malo. Kuntchito sikukanatheka, pakuti mwini wake anali ndi mphuno yakuthwa komanso khosi losakana kanthu. Panatsala chipinda chomwe ndinkachita lendi kwa Che Ajasi, Msilamu wa ndevu zoyera, wamalonda a nsalu. Tsiku londilandira anandiuza mosabisa: "Mwanangu, nyimbo za kutchalitchi kwanu imbani mmene mungafunire. Koma ziwiri pakhomo pano ayi: nkhumba ndi mowa."

Pakhomo pomwepo panali mwana wawo wamkazi, Asiyatu. Tinali titagwirizana mwakachetechete, ine ndi iye, kuti tikakolola malume anga abwere kudzagogoda. Nkhani ya chipembedzo inali yovuta kale, ndipo chodalira changa chinali chimodzi chokha: Che Ajasi ankandiyesa mnyamata waulemu. Munthu wanzeru akanasiya za vinyozi. Ine ndinaganiza kuti mkamwini wolemera savuta kumukhululukira.

Masiku oyamba zinayenda. Chigubu chili kuseri kwa chitseko, kachubu kali m'madzi, bwulu, bwulu, bwulu. Kenaka fungo linayamba kuyendera anansi. M'mawa wina amayi a Asiyatu anaima pazenera panga ndi tsache m'manja.

"Achimwene, m'chipinda mwanumo mwaiwalamo nthochi?"

"Ndi nsapato, amayi," ndinayankha. (Mpaka lero sindidziwa chomwe nsapato zangazo zinandilakwira.)

Mantha anandigwira. Ndinazula kachubu kaja, n'kutsanulira vinyo yense m'mabotolo agalasi amene ndinatola kuntchito. Pakamwa ndinatseka ndi zitsononkho, kumanga ndi linya, kumata ndi phula la kandulo. Amati safunsa anadya phula; ine ndinafunsa ndithu, koma phulalo ndinamatira mabotolo. Ndinawandandalika pamwamba pa khoma, pansi penipeni pa malata, poti palibe angayang'aneko. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Fungo linatheratu, ndipo ndinayamba kuganizira dzina loti ndidzalembe pamabotolo.

Lachisanu masana Che Ajasi anabwera kuchokera kumzikiti ndi anzawo, ashehe ali pomwepo, n'kukhala pakhonde kumwa tiyi. Ndinaona kuti uwu ndi mwayi wokaonetsa khalidwe. Ndinavala malaya anga oyera a kuhotela aja, ndipo ndili mkati momanga mabatani ndinangomva, phuu! Malata anachita kunjenjemera. Ndisanazindikire, linanso phuu! Kenaka motsatizana, pha-pha-pha, magalasi akuwomba malata ngati matalala.

Muyenera kumvetsa nthawi yake. Malire anali pafupi, ndipo mfuti zinkamveka kutsidyako nthawi zina. Kuseri kwa nyumba yathu kunali misasa ya othawa nkhondo, anthu odziwa kuti phokoso lotero sufunsa kuti ndani. Mayi wina anakuwa, "Afika!" ndipo mawuwo anathamanga kuposa eni ake. Msika unabalalika. Wanjinga anataya thumba la mchere pamsewu. Wogulitsa mandazi anathawa ndi beseni lopanda kanthu, mandazi atawasiya. Akuluakulu a pakhonde aja anagona chafufumimba, mikanjo yawo yoyera ili pafumbi.

Ine ndinatuluka ndikudzandira, kuyambira kumutu mpaka m'chiuno ndili psuu. Chidede chimafiira, abale. Khutu linali litachekeka pang'ono ndi galasi, koma zina zonsezo zinali malonda anga. Ndinangokhala pansi.

Asiyatu anatulukira kukhitchini, mpango utagwa. Mtsikana amene sankayang'ana n'komwe mbali yanga bambo ake akakhalapo anadzigwetsa pambali panga n'kundigwira mutu.

"Amupha! Mayo ine, amupha! Nanga ine ndikwatiwa ndi ndani?"

Ndinaona Che Ajasi akudzutsa mutu pang'onopang'ono. Apa ndi pomwe munthu woona mtima akanayankhula. Ine ndinatseka maso, poganiza kuti kufa pang'ono kungandithandize.

Anandigoneka pamphasa. Che Ajasi anang'amba malaya aja n'kuyamba kufunafuna bala, akupemphera chapansipansi. Anafufuza pachifuwa, m'nthiti, kumsana. Njuchi imodzi inabwera n'kutera pamimba panga, kenaka inzake.

"Magazi a mwanayu ngodabwitsa," anatero ashehe.

Ndipamene anafika a Domingo, chowerama m'mbali mwa mpanda, pampu ya njinga ili m'manja ngati chida. Ananunkhiza mpweya. Anapaka chala pachifuwa panga n'kulawa.

"Asitafurulai! A Domingo, mukulawa magazi?" anafuula Che Ajasi.

"Shuga wachuluka," anayankha a Domingo. Kenaka anandigwedeza phewa. "Amigo, dzuka. Unamutseka pakamwa, eti?"

Ndinatsegula diso limodzi. Linakumana ndi la Asiyatu, ndipo ndinalakalaka akanakhala achiwembu enieni. Anandisiya mutu uja osachenjeza, n'kugunda pansi kuti gu.

Che Ajasi anaimirira, n'kusasa fumbi pamkanjo. Sanakweze mawu. Anayang'ana chipinda changa chomwe chinkadontha zofiira m'makoma, n'kunena, "Mwanangu, nkhumbayo ili kuti? Itulutseni yomwe, tithane nazo kamodzi."

Anthu anayamba kubwerera kumsika, ena akuseka, ena akundilonjeza zibakera. Koma mkazi wa a Domingo sanapezeke msanga. Anakamupeza patali ndithu, m'munda wa chinangwa, atakumbatira ana ake, pamutu pali kamtolo ka bulangeti ndi poto. A Domingo anandiuza kuti kamtolo kameneko sanakamasulepo chifikire m'dziko muno, kamangokhala pakhomo kudikira. "Ife tinathawa mfuti kwathu," anatero, "iwe wadzatiphikira ina m'botolo." Anaseka ponena mawuwa, koma ine kuseka kunandikanika. Pa manyazi onse a tsikulo, awa ndiwo anandipweteka kwenikweni, ndipo ndinapita kukawapepesa mayiwo ndi nkhuku m'manja.

M'mawa mwake ndinasamuka, katundu ali panjinga ya a Domingo, ana a pamsika akuimba "Che Bomba" m'mbuyo mwanga. Ndinayesa kamodzi kumudikirira Asiyatu panjira ya kumjigo kuti ndifotokoze za mapiri, alendo ndi tsogolo la dera lathu. Sanatule n'komwe ndowa.

"Ndinalira pamaso pa bambo anga ndi ashehe," anatero. "Mukanangofa, bwenzi ine ndili ndi ulemu."

Anakwatiwa ndi wamalonda wina wa ku Katuli, munthu womwa tiyi yekha. Malume anga sanavutike ndi ulendo.

Nkhondo inatha, a Domingo anabwerera kwawo, ndipo alendo aja sanakwerebe mtunda kudzalawa vinyo pa Chiponde. Ine ndinaphunzirapo kuti lamulo la mwini nyumba silizembedwa ndi chitsononkho. Koma kunena zoona, pamene ndikulemba izi kuseri kwa chitseko changa kuli chigubu cha bwemba, kachubu kali m'madzi. Mayi a kunyumba amadandaula kuti chimasokosa ndiponso chimanunkha. Ndimawayankha kuti achisiye chilankhule, poti ine ndinaonapo zomwe chimanena ukachitseka pakamwa.