Tayi Yofiira ya a Tiyesenso

Malemu a Tiyesenso anaphunzitsa timu yathu ya mpira kwa zaka zambirimbiri, koma sanachotsepo wosewera ngakhale mmodzi. Si kuti sankafuna. Ankafuna ndithu, mpaka anagula tayi ya ntchito imeneyi, yofiira ngati tsabola wakupsa. Sizoni ikatha, akuluakulu a timu akawauza kuti uje watha, mukamuuze asabwerenso, iwo ankasita shati, n'kumanga tayi ija, n'kuuyamba ulendo wa kunyumba kwa munthuyo nkhope ili ndwii ngati akukapereka uthenga wa maliro.

Tayiyo inkadziwika ndi aliyense. Ikangotulukira pakona, mbiri inkathamanga kuposa osewera athu onse, ndipo akazi a osewera ankadziwa chochita: ketulo pamoto. A Tiyesenso akangolandira kapu ya tiyi m'nyumba ya munthu, nkhani inkathera pomwepo. "Ndimwe tiyi wa munthu kenako ndimuthamangitse? Ndine fisi ine?" ankatero. Ankatuluka tayi ili m'thumba, akusisita phewa la yemwe anabwera kudzamuchotsayo, n'kumati, "Tiyesenso chaka chino." Dzina lawo linachokera pamenepo, moti lenilenilo ngakhale akazi awo ankayamba aganiza kaye asanalitchule.

Panali wotchinga kumbuyo wina, kalipentala, amene potembenuka kuti athamangitse mdani ankakhala ngati lole yodzaza ikubwerera m'mbuyo. A kochi anapitako ndi tayi. Pobwerera anadzera kwa a Tcheya a timuyo, mwini sitolo ya malata ndi simenti, amene ankagulira timu majezi ndi mafuta a paulendo.

"Mwamuchotsa?" anafunsa a Tcheya.

"Nkhani yayenda bwino kwambiri."

"Ndikufunsa ngati mwamuchotsa."

"Ali ndi mng'ono wake wamanzere. Ayamba Lolemba."

Amene miyendo yawo inakaniratu, a kochi ankawakweza pa udindo. Timu inali ndi wothandizira kochi woona za mipira, wina woona za pampu, wina woona ngati kukubwera mvula. Wina anasamukira kutali kukayendetsa malole, koma jezi yake inkachapidwabe limodzi ndi zinzake. Benchi itachepa, kalipentala uja analumikizapo thabwa, chaka chinacho thabwa lina, mpaka inakafika pafupi ndi mbendera ya pakona. Okhala kumapeto ankamva malangizo a kochi mpira utatha.

"Chifundo chinapha nkhwali, a kochi," anthu ankawachenjeza.

"Koma pamaliro pake panadzaza," ankayankha iwo.

Amene ankawadziwa bwino kuposa onse anali goloboyi, Chitseko. A kochi anamutola akugulitsa mazira pa depoti, tsiku limene wanjinga anamugunda thireyi, iye n'kuiwakha m'malere osaswa dzira n'limodzi lomwe. Anamugulira magolovesi, anamupezera ntchito yonyamula simenti kwa a Tcheya, ndipo pa ukwati wake anakhala pampando wa bambo ake. M'masiku ake Chitseko ankatsekadi golo, mdani n'kubwerera akutukwana. Koma simenti ndi zaka zimadya mawondo.

Sizoni yomaliza ya a Tiyesenso inali yochititsa manyazi. Timu inkakunthidwa pakwawo ndi koyenda komwe, ndipo inapulumuka kutuluka mu ligi chifukwa choti timu ina basi yake inafera panjira. Chitseko mpira ankauona bwinobwino ukubwera. Mtima unkadumpha, thupi n'kutsala. Tsiku lina mpira wofooka, woti ngakhale nkhuku ikanauimitsa, unamudutsa pakati pa miyendo. Masapota anamusintha dzina tsiku lomwelo, n'kuyamba kumutchula Sefa. Mwana wake wamng'ono anabwera nalo dzinalo kuchokera kusukulu, n'kufunsa ngati ndi udindo watsopano. Chitseko anangoseka pamaso pa mwanayo, koma zinamulasa mtima.

Msika wogula osewera utatsegulidwa, a Tcheya anaitanitsa a kochi kusitolo. Sanawalowetse mu ofesi. Analankhulira pakhomo pa mosungira katundu, pomwe Chitseko ankadutsa ndi thumba la simenti pamutu, dala kuti naye amve.

"Ndapeza goloboyi wachinyamata, wamtali ngati polo ya magetsi, ndi omwetsa zigoli awiri. Koma a ligi salola kulembetsa khamu lonse lija. Benchi iphwe. Muyambe ndi Sefa."

"Chitseko," a kochi anawakonza.

"Mumutchule momwe mungafunire. Mwezi uno ukatha iye akadalipo, otuluka ndinu."

Chitseko anaima chilili, thumba likadali pamutu. Ankadziwa kuti a Tcheya sakunama za mawondo ake. Ankadziwanso kuti mdalayo analibe mwana, analibe munda, analibe china chilichonse chomudzutsa m'mawa kupatula wezulo ndi bwalo lija. Kuwachotsa pabwalo kunali kuwakumbira manda.

Tayi inatuluka Loweruka m'mawa. Mkazi wa Chitseko atangomva anathamangira ketulo.

"Isiyeni ketuloyo," anatero Chitseko. "Lero kulibe tiyi. Asiyeni anene."

"Mukufuna akuchotseni, bambo?"

"Nanga inu mukufuna achotsedwe iwowo?"

A kochi analowa, anakhala pansi, anatsokomola. "Mwana wanga, mpira uli ngati... moyo wa munthu umakhala ndi..." Anayang'ana uku ndi uku kufunafuna kapu yowapulumutsa, koma patebulo panali mbee. Thukuta linayamba kutsikira mu kolala. Kenako anagwedeza mpando umene anakhalapo, nkhope n'kuwala.

"Apongozi, mpando uwu ukugwedera. Pali hamala m'nyumba muno?"

Anakonza mpandowo, anakonza unzake, anakhomanso shelefu ya mbale imene palibe anaidandaulapo. Dzuwa litapendeka anatsanzika, atasiya mipando yonse yolimba ndi nkhani yosanenedwa.

Chitseko anati ndiwathandize ndekha. Pokonzekera masewero tsiku lotsatira anachoka pagolo n'kukawaima pafupi.

"A kochi, ine ndaganiza..."

"Osaganiza. Goloboyi akayamba kuganiza ndiye amagoletsetsa. Bwerera pagolo."

Ndipo anabwereradi, mtima uli myaa. Apa ndi pamene panadzamuvutitsa kwambiri pambuyo pake. M'sitolo ya a Tcheya ankalowamo tsiku ndi tsiku, akanatha kungoika magolovesi pakauntala nkhani n'kutha. Kangapo konse anawanyamula m'chikwama popita kuntchito, n'kubwerera nawo. Popanda magolovesiwo anali wonyamula simenti basi, ndipo zimenezi ankaziopa kuposa kutchedwa Sefa.

Sabata yotsatira a kochi anabwera ndi nzeru ina. Kuchotsa sangathe, koma mwina kugulitsa. Anamutenga Chitseko kupita naye kwa kochi wa timu ina ya ligi yaing'ono, ya anyamata a m'magalaja, n'kuyamba kumutsatsa.

"Uyu mukumuonayu anagwirapo mapenate awiri tsiku limodzi chala chili chothyoka. Sajomba. Samwa. Kaya mvula kaya dzuwa, woyamba kufika pabwalo ndi iyeyu. Anzake akasowa nsapato amawabwereka zake. Akagoletsetsa sanamizira munthu."

"Tamutenga," anatero kochi winayo. "Abwere mawa."

A Tiyesenso anamuyang'ana ngati amupeza dzanja lili m'thumba mwawo. "Munthu wotereyu ndikupatseni inuyo? Mutu wanu ukuyenda bwino? Tiye, Chitseko."

Anauyamba ulendo wobwerera. Chitseko ankafuna kuseka, koma chimene chinabwera ndi misozi, ndipo a kochi anachita ngati akuwerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu.

Paja zengerezu analinda kwawukwawu. Mwezi unatha. A Tcheya anafika pabwalo anyamata ali pakati pothamanga, ndipo sanatsike n'komwe m'galimoto. Anangotsitsa galasi.

"A kochi, ntchito yatha. Wezulo musiyire wapampuyo. Akubwerayo adzasesa yekha."

A Tiyesenso anaima kukamwa kuli yasa. Aliyense ankadikira kuti akalipa kapena agwada pansi kuchonderera.

"Basi?" anafunsa. "Amangotero basi? Opanda ngakhale tayi?"

Galasi linakwera, galimoto n'kunyamuka. Iwo anatembenukira kwa anyamata awo akupukusa mutu mogoma. "Mwaona? Anthu ena ali ndi mphatso."

Anyamata anaseka, koma kusekako sikunakhalitse. Mdalayo anavula wezulo, n'kuyenda kutsata benchi yonse ija kuyambira kumutu mpaka kumbendera, akupatsa moni wa padzanja aliyense. Chitseko anatsala pagolo, atagwira polo, osayerekeza kudzutsa nkhope.

Sipanapite milungu yambiri, a kochi anagwa pakhonde pawo akuthirira maluwa amene anayamba kudzala posowa chochita. Kuchipatala anati ndi mtima. Timu yonse inkapita kukawazonda mpaka anamwino anayamba kuwalowetsa m'magulumagulu, koma Chitseko manyazi anamumanga miyendo. Anapita pokhapokha akazi a kochi atatumiza mawu kuti mdalayo akumufuna.

Anawapeza masana atatsamira mapilo, atachepa thupi, atavala malaya ogonera. M'khosi munali tayi yofiira. Namwino anamunong'oneza kuti wayesa kuwavula tayiyo kuyambira m'mawa koma walephera.

"Wanyamula chiyani m'manjamo?" anafunsa a kochi.

"Tiyi. Apongozi anu akupatsirani m'fulasiki."

"Iike pansi pa bedi, ndisaione. Khala apa."

Chitseko anakhala, mawu n'kutuluka okha. "Bambo, wolakwa ndine. Ndikanangochoka ndekha, bwenzi inu muli pabwalo."

"Ukanachoka ndikanakulondola kudzakubweza. Takhala chete, ungandisokoneze. Ndakhala ndikuyeserera pa anzangawa."

"Ine andichotsa kawiri," anatero wodwala wa pabedi loyandikana, osatsegula maso.

A kochi anawongola tayi, anapuma kwambiri, n'kumuyang'ana Chitseko m'maso.

"Chitseko, mawondo ako atha. Unali goloboyi woposa onse amene ndinawaonapo, koma nthawi yako yatha. Usadzaimenso pagolo. Ndakuchotsa."

Chitseko anamva ngati wina wamutula thumba limene analisenza chaka chonse, komabe zinamuwawa.

"Koma bambo, inu si kochinso."

"N'chifukwa chake ndakwanitsa," anatero mdalayo akumwetulira. "Akubwerayo adzakuuza pafoni. Sindinafune kuti uzimve kwa munthu amene sanakuonepo ukuuluka." Anamasula tayi, n'kuipinda bwinobwino. "Tsopano bweretsa tiyi uja."

Chitseko anathira tiyi, wina n'kutayikira pa bulangete chifukwa sankaona bwino.

A kochi anamwalira sabata yomweyo. Pamaliro pawo panadzaza monga ananenera za nkhwali ija. Woyendetsa malole uja anafika ndi lole yake, n'kupempha jezi yake, ndipo anaipeza yochapa.

M'mawa wotsatira maliro, Chitseko anaika magolovesi pakauntala ya a Tcheya.

"Kochi watsopano sanayambe n'komwe ntchito," anadabwa a Tcheya. "Wakuuza ndani?"

"Ine anandichotsa kale a kochi anga."

Watsopanoyo atabwera anasesadi. Theka la timu linalandira uthenga wa pafoni tsiku limodzi, wofanana mawu ake, ena dzina lili lolakwika. Timu pano imapambana mwa apo ndi apo, ndipo Chitseko amavomereza yekha kuti goloboyi wamtaliyo ndi wabwino. Koma mpira ukatha anthu amangobalalika. Palibe amatsalira pabwalo, ndipo akazi a osewera akamva kugogoda sathamangiranso ketulo.

Benchi ija kochi watsopanoyo anati ndi yaitali mopanda nzeru, idulidwe. Anaitana kalipentala yemwe uja, amene nayenso anali atalandira uthenga wake, ndipo iye anaidula. Chidutswa chotsalacho Chitseko anachisenza pamutu mpaka kunyumba, n'kuchiika pakhonde. Loweruka masana amabwera okha, wapampu, woona za mvula, kalipentala ndi mng'ono wake, n'kukhalapo mopanikizana akumvera mpira pa wailesi ndi kutsutsana za osewera oyenera kugulidwa. Mkazi wa Chitseko amadandaula kuti shuga sachedwa kutha, ndipo sabata iliyonse amamuuza mwamuna wake kuti awauze anthu akewo achepetse kubwera. Chitseko amavomera kuti awauza ndithu. Mwezi watha kalipentala anabwera ndi hamala n'kulumikizapo thabwa lina.